Anafuna Kukafera Kutali ndi Bwalo

Malemu achimwene anga, bambo Laison Namakhwa, anabadwa pa 9 Juni 1947 pakomboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi tauni ya Chipinge. Anali oyamba mwa ana asanu a bambo Jairosi Namakhwa ndi akazi awo, omwe anachoka ku Mulanje wapansi, kudzera kwa Apwitikizi, kudzafuna ntchito. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gilson, mng'ono wawo wotsiriza, ndipo mwa asanufe lero ndatsala ndekha.

Abusa, akuluakulu a esiteti, anamfedwa anzanga ndi inu nonse, ndikudziwa kuti ambiri mukundimvetsera ndi khutu limodzi, linalo lili kubwalo. Lero Loweruka pa 15 Novembala 2008, nthawi ya 3 koloko masana, timu yanu ya Masamba Awiri imayenera kukumana ndi Mavu a ku Chipinge m'ndime yoyamba ya masewero awiri olimbirana malo mu divishoni yoyamba. Mukufuna kudziwa ngati mpira ulipo. Musachite manyazi, malemuwa akanakhala pakati panupo akanayamba kufunsa ndi iwo. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire poyambira.

Mu 1955 anayamba sukulu paesiteti pomwepo, nalekezera Sitandade 4 mu 1960. Bambo athu anali atadwala msana, ndipo nyumba ya pakomboni, monga mudziwa, imakhala ya munthu amene akugwira ntchito. Achimwene anasenza dengu la tiyi ali ndi zaka khumi ndi zitatu kuti ife ang'ono awo tisagone panja. Mpira anauyambira komweko, wachikulunga. Ndinene zoona, poti pamaliro si ponamizira: achimwene sankautha mpira. Akaumenya umapita kwina, iwo akuyang'ana kwina. Chomwe Mulungu anawapatsa ndi mmero, ndipo akayamba kuchemerera ngakhale ogontha ankadziwa kuti timu yalowa m'bwalo.

Mu 1971 anasamukira kuno ku Honde, minda yatsopano ikutsegulidwa. Anayamba ndi kuthyola, mu 1978 anakhala kapitawo, ndipo kuyambira 1986 mpaka pomwe anapuma mu 2004 anali m'fakitale, kumbali youmitsa masamba. Pa 4 Ogasiti 1973 anamanga ukwati woyera ndi mayi Felicitas, mwana wa bambo Inacio a ku Mandeya. Alamu angawa ankayesa kuti akwatiwa okha, koma anapezeka ali pamitala, mkazi mnzawo ali mpira. Anapirira zaka makumi atatu ndi zisanu.

Mu 1981, nkhondo yomenyera ufulu itatha, malemu ndi anzawo anasalaza bwalo lija ndi makasu m'mbali mwa phiri n'kukhazikitsa timu. Dzina analitenga pa chinthu choyamba chomwe wothyola tiyi aliyense amaphunzitsidwa, masamba awiri ndi kansonga. Ine ndinatsala ku Chipinge, ndipo ndine wa Mavu chibadwire. Kuyambira pamenepo sitinagwirizanepo pa nkhani ya mpira. Tikakumana pa Khirisimasi, mayi athu ankatikhazika m'mphasa zosiyana. Koma pali mawu awo amodzi omwe sindinawatsutse. Kunja ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyozera ife ana a anthu obwera, ndipo mu 2001 tinauzidwa kuti ndife alendo m'dziko lomwe tinabadwira. Achimwene ankati pabwalo pokha ndi pomwe munthu safunsidwa kwawo kwa bambo ake.

Mu Okutobala 1994, mwana wa mayi wina wothyola tiyi anaikidwa m'manda tsiku la mpira. Mayiyo analibe mbale kuno. Bwalo ndi manda, monga mukuonera, zasiyanitsidwa ndi mzere umodzi wa mitengo ya bulugamu. Pomwe kabokosi kamatsitsidwa, chigoli chinalowa, anthu n'kukuwa, ndipo mawu omwe anamveka kuposa onse anali a malemuwa. Atauzidwa madzulo ake kuti kukuwa kwawo kunamveka kumanda, sanadye. Sabata yomweyo, monga wapampando wa timu, anakhazikitsa lamulo lomwe nonse mukulidziwa: pakomboni pakagwa maliro, kaya ndi a kapitawo kaya a khanda, bwalo limatsekedwa mpaka tsiku losesa litadutsa. Ankati maliro n'kulirana. Lamuloli linaluzitsa timu mapointi kangapo, ndipo ena muli panonu munawatukwana nalo. Iwo sanasunthe.

Za chaka chino palibe wofunika kuuzidwa. M'masitolo mwatsala mashelefu okha, ana akugonera nthochi zaziwisi zowiritsa. Osewera anu abwino anachoka mmodzimmodzi, wina ku Joni, wina ku Chiadzwa kokumba miyala yamtengo wapatali, wina ku Manica. Munatsala ndi anyamata khumi ndi atatu ndi nsapato zosoka ndi waya. Komabe munatsogola m'chigawo chanu, ifenso tinatsogola m'chathu, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhazikitsire timuyi, divishoni yoyamba inafika pafupi. Ndamva kuti m'mizere ya tiyi nkhani inali imodzi. Ena amati chala cha goloboyi wanu sichinapole, ena amadandaula kuti woyimbira adzakondera a m'tauni. Amayi anali atayamba kale kukambirana zodzagulitsa pageti matimu akuluakulu akamadzabwera. Nafenso kwathu tulo tinasowa. Timaopa bwalo lanuli, lomwe mpira umadzigubudukira wokha kulowera kumtsinje, komanso timaopa mmero wa achimwene. Anthu anjala anali atapeza choyembekezera, ndipo malemu ankadziwa kuti pakomboni pano chatsala n'chokhacho.

Matenda anayamba mu Ogasiti. Miyendo inatupa, ndipo akayenda pang'ono ankabanika. Kuchipatala komwe anawatengera anawayeza n'kunena kuti ndi mtima, koma mankhwala kunalibe. Anabwerera kunyumba. Pofika kumayambiriro kwa mwezi uno anali atadziwa okha kuti ulendo wayandikira. Imfa sankaiopa. Ankaopa kuti iwapeza sabata ya mpira, lamulo lawo lomwe n'kutseka bwalo. Akuluakulu a ligi anali atanena kale kuti tsiku silisunthika, ndipo timu yosalowa m'bwalo iluza ndi zigoli zitatu kwa chilowere.

Lolemba pa 10 Novembala, alamu ali kumunda, malemu anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anatenga ndodo, n'kutuluka osauza munthu. Banja linafunafuna m'minda ya tiyi, kumtsinje, mpaka kuchipatala. Palibe anaganiza za pokwerera basi, poti basi inali itatha masabata osaoneka m'chigwa muno. Koma n'komwe anali. Munthu wina wa ngolo anawatula pa Ruda, ndipo anakhala pakhonde la sitolo yotseka kudikira basi ya ku Mutare. Mvula yoyamba ija inawapeza pomwepo. Lachitatu amayi ogulitsa nthochi a ku Mandeya anawazindikira n'kutumiza uthenga. Mwana wawo Tawanda ndi kaputeni wa timu, Nowa, anakawatenga pa wilibala, akunjenjemera, chifuwa chitadzaza.

Alamu atawafunsa kuti mumapita kuti, anayankha kuti amapita kwa Gilson. Anati makolo anga agona ku Chipinge, ndikafera kumeneko maliro akakhala kumeneko, bwalo la kuno likhala lotsegula, ndipo a Mavu sizikawavuta, aja amasewera ngakhale mtembo uli m'nyumba. Mwamva nokha. Munthu akupuma movutikira, koma kundinyoza ine sanaleke. Kenaka anafunsa kuti lero n'lachingati. Atauzidwa anati, ndiyesetsa ndifike Lamulungu. Anayesadi. Anakana kugona pansi, anakhala tsonga pampando atatsamira khoma, akumwa phala lomwe mmero sunkalifuna. Koma mvula ija inali itawadula masiku omwe ankawafunawo. Anatisiya Lachinayi pa 13 Novembala, dzuwa litapendeka, ali ndi zaka 61.

Ine sindinadziwe kanthu, mafoni sakugwira. Dzulo ndinakwera lole ya Mavu, ya dizilo yemwe masapota anachita kusonkha m'mabotolo, ndikuimba njira yonse. Ndinali nditakonzeratu mawu oti ndidzawalase nawo achimwene ndikatsika. Tikukwera chitunda cha pakomboni tinaona masamba atayalidwa pamsewu, ndipo nyimbo inaduka. Ndinafunsa mayi wina kuti kwagwanji, kwa yani, iwo n'kuloza nyumba yomwe ndimapitayo. Chakudza sichiimba ng'oma. Mtima ukundiwawa, ndipo chikundiwawa kwambiri n'chakuti pomwe ine ndimakonza zowanyoza, iwo anali pakhonde la sitolo akufuna njira yobwera kwa ine.

Tsopano ndikuyankheni. Dzulo lomwelo banja linakhala pansi. Alamu anga, omwe mpira unawalanda mwamuna ali moyo n'kuwalandanso pomwalira, ndi omwe anayamba kunena kuti useweredwe. Anati bambo anu anavumbidwa ndi mvula chifukwa cha tsikuli, asavumbidwe pachabe. Abusa anavomera, a komiti anavomera, n'chifukwa chake mwambo uno tauyamba m'mawa chonchi. Ine ndi amene ndinatumidwa kukauza anyamata kuti banja lawamasula.

Ndinawapeza kumanda lero kutangocha. Onse khumi ndi atatu anali pa dzenje ndi makasu, atalanda ntchito ya adzukulu, ndipo maukonde anali atawamasula kale pamapolo. Nowa anandipatsa ulemu wake, anati nematambudziko sekuru, ndiko kupepesa maliro m'chinenero cha kuno, kenaka anandiyankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka chija. Anati Mudhara, kunena malemuwa, anatseka bwalo pamaliro a mayi anga, anatseka pamaliro a mwana wa goloboyi wathu, ndiye ife tikuwe chigoli lero iwo ali kuseri kwa mitengoyi? Anati hatitambi, sitisewera. Ndinawauza za pakhonde la sitolo, koma Nowa anati pakhondepo anakawatenga ndi iye, akudziwa. Ndinawachonderera, ine wa Mavu, kuti alowe m'bwalo atikwapule. Anapitiriza kukumba.

Choncho mpira kulibe. Mavu apatsidwa zigoli zitatu osatuluka thukuta, ndipo Loweruka likudzali Masamba Awiri akufunika zinayi ku Chipinge, ngati lole ndi dizilo zingapezeke. Ndikudziwa kuti ena mwakhumudwa, ndipo sindikukudzudzulani, munadikira ndi njala m'mimba. Inenso zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti tsiku lina ndidzawagonjetse achimwene. Sindinapemphe chonchi. Achimwene, mwaluza, ndipo okuluzitsani ndi ana anu omwe. Munawaphunzitsa mopitirira.

Malemu asiya akazi awo mayi Felicitas ndi ana anayi. Woyamba ndi Lyford, yemwe ali ku Joni, ndipo mpaka pano sitikudziwa ngati uthenga wamupeza. Ena ndi Loness, Tawanda ndi Mufaro. Asiyanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza amayi a ku Mandeya omwe anawazindikira pa Ruda n'kuwafunditsa chitenje, ndi bambo wa ngolo amene dzina lake sitikulidziwa. Ndikuthokoza akalipentala a kufakitale omwe akhoma bokosili ndi matabwa otolera, amayi a mvano omwe aimba chiyambire Lachinayi, ndi aliyense amene wabweretsa nkhuni, nthochi kapena kambale ka ufa m'chaka chomwe palibe nyumba ili ndi chotsala. Ndikuthokoza anyamata anga a Mavu, omwe anabwera kudzasewera koma apempha kuti anyamule nawo bokosi. Ndipo ndikuthokoza inu a Masamba Awiri, ngakhale munandikana. Mwaima apo ndi dothi lofiira m'miyendo.

Achimwene Laison, munafuna kukafera kutali kuti musasokoneze anthu anu. Anthu anuwo akana, akuti mugone pompano. Mzimu wanu uuse mumtendere.