Vuto la Mnzawo wa a Telala

Inu, kunja kuno kuli anthu! A Telala aja osoka pakhonde la golosale, akazi awo atawauza kuti akapanda kukaonana ndi alangizi a mabanja kuchipatala iwo alongedza azipita kwawo, anavala jekete dzuwa likuswa mtengo n'kukapeza kuti mlangizi wake ndi mayi watsopano pantchito, woti ukamuuza kuti mphaka waikira mazira amafunsa kuti angati.

"Tikuthandizeni chiyani bambo?"

"Ine? Ine ndili gwa!" anatero a Telala, akubisa tepi yoyezera yomwe anaiwala m'khosi. "Ndi mnzanga. Zakuchipinda zija zikumukanika."

"Mphamvu zachimuna zachepa?"

"Aaa, tsitsani mawu mayi! Eya, za mnzangayo."

"Pepani. Nanga bwanji sanabwere yekha?"

"Ndi wamanyazi ngati mkamwini. Mungondipatsa timapilitsi ndikamupatsire."

"Wotumidwa sitimupatsa mankhwala. Kuno timacheza kaye ndi mwamuna ndi mkazi wake limodzi, chifukwa nthawi zina vutoli limayambira m'maganizo. Amadwala shuga?"

"Ayi."

"Amaganiza kwambiri?"

"Heee! Akangoti agone, m'mutu muli madiresi a aperekezi a ukwati okhaokha. Wina lamuthina, wina akuti lamukhwepa."

"Nayenso ndi telala?"

"Mmm. Tinaphunzira limodzi."

"Zabwino bwanji," anamwetulira mlangizi, akulemba. "Nanga akazi ake amati chiyani zikatero?"

"Ameneyo ndiye musanene. Amangopumira m'mwamba, fuuu, n'kutembenukira kukhoma. Kenako bulangete lonse akokera kwake, miyendo ya munthu ili pamphepo."

"Anakuuzani zonsezi mnzanuyo?"

"Kuuzidwa? Ndimaona ndi maso angawa!"

Mlangizi anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. "Mumaona muli pati?"

A Telala anazindikira kuti pakamwa pawapereka. Koma iwo ndi aja oti akadula nsalu molakwika amakakamira kuti ndiyo fashoni yake. "Chapafupi."

"Pawindo?"

"Ndine wakuba ine? M'katimo!"

"Kuchipinda kwa eniake?"

"Ndife ogwirizana kwambiri."

"Ndiye mumakhala pampando kapena?"

"Pampando ndidwale msana? Pabedi!"

"Nanga mnzanuyo amagona pati?"

"Pomwepo. Chambali yangayo."

"Atatu!" Mlangizi anagwira pakamwa. "Bambo, akazi anu inuyo akudziwa zimenezi?"

"Kudziwa? Amakhalapo!"

"Anayi! Mayo ine! Kusukulu sanatiphunzitse zimenezi." Anadzuka, kukatseka chitseko bwinobwino, n'kudzakhalanso pansi akudzikupiza ndi dzanja. "Ndiye mukudabwa chiyani? Ndani angakwanitse, anthu atam'khalira m'mbali ngati akuonera mpira?"

"Ayi mayi, simukumvetsa."

"Ndamvetsa kwambiri. Matenda a mnzanuyo ndawapeza."

"Eee? Ndi chiyani?" A Telala anasendeza mpando, makutu ali tcheru.

"Ndinu."

"Ine?"

"Inuyo! Mankhwala ake musamukemo m'nyumbamo lero lomwe."

"Ndisamuke ndipite kuti? Makina anga ali momwemo!"

"Mpaka makina munakaikako? Abale! Tandiyang'anani kuno. Mkazi wa mnzanuyo mumamufuna eti?"

Apa a Telala anayamba kupotapota tepi ija pachala. "Ndimamukonda, mayi. Ndi wolongolola, inde, koma ndi iyeyo amandilowetsera ulusi pasingano maso akamandivuta. Akachoka ameneyo, ine ndatha."

"Ndinadziwa! Kumukonda mkazi wa mwini, n'kubwera kuno ngati wachifundo! Mayi ameneyo akadzabwera, ndidzamuuza kuti akuthamangitseni, asinthe ndi loko yomwe."

"Musayerekeze! Akungofuna chifukwa ameneyo!"

"Ndiye apeza."

A Telala anaona kuti apa banja likutha ali maso, mapilitsi osawaona n'komwe. Anavula jekete, thukuta lili kamukamu, n'kudziguguda pachifuwa.

"Chabwino! Ndine! Kulibe mnzanga aliyense. Wodwalayo ndi ineyo, mkaziyo ndi wanga, bedilo ndi langa, pamagona awiri basi. Mwasangalala?"

Mlangizi anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anapukusa mutu.

"Manyazi mulibe, bambo. Bedi la mnzanu mwalanda, mkazi mukufuna kulanda, pano mukufuna kulanda ndi matenda omwe?"

"Ndikulumbira mayi, ndi anga matendawo!"

"Paja munati muli gwa."

"Ndinanama! Sindili gwa! Ndafooka ngati lasitiki wakale!" anakuwa a Telala, mpaka odikira pabenchi panja anasiya kutsokomola kuti amve bwino.

Mlangizi anatsegula chitseko, n'kuwalozera njira mwaulemu wake wonse.

"Mawa mnzanuyo abwere ndi akazi ake, tiwathandiza bwinobwino. Koma inuyo ndisadzakuoneni."