Kiyi anapita ndi mkamwini

Aulutsi, kalata iyi muwerenge mokweza, ine sindinong'ona. Pa Katete palibe amene sadziwa mtedza wanga. Ndimagulitsa mpaka ku Lusaka kudzera pa sitolo ya pa intaneti, imene anandikonzera mkamwini wanga. Kompyuta ya m'shopu ndiyo imauza sitoloyo matumba amene atsala, koma imayamba yapereka kiyi wachinsinsi, zilembo zambirimbiri zimene ine sindizitha.

Ukwati wake ndi mwana wanga utatha, mkamwiniyo ndinam'thamangitsa pakhomo panga, maloko onse ndinasintha. Sabata yatha ogula anangoti zii. Sitolo ikuti mtedza unatha, chonsecho matumba afika kudenga!

Ndinakalipira mwana wanga wamkazi. Iye anati, "Atate, sitolo siona nkhope. Wobwera ndi kiyi, kwa iyo ndi inuyo. Kiyiyo ali ndi bambo a anawa, ndipo angam'sinthe ndi iwo okha."

"Ndiye ine ndikapepese kwa mkamwini? Ine?"

Lero m'mawa mwana wangayo wandionetsa sitolo ija pa foni. Pamalo pamene panali chithunzi cha mtedza, tsopano pali chithunzi cha nyumba yanga. Pachingwe pakuoneka malaya anga, amene anachapidwa dzulo lomweli. Ndiye kuti mkamwini uja anafika pakhomo panga dzulo, ine osadziwa.