Nkhope Ziwiri Pawindo ku Citywest

Okondedwa omvera, ndine mtsikana wa sekondale kuno ku Dublin. Chuma chitavuta, nyumba zambiri kwathu ku Citywest zinatsala zopanda anthu. M'nyumba ina munalowa atsikana awiri apachibale. Amayi anga anamva kuti atsikanawo anathawa boma lankhanza kwawo pa boti. Sankatuluka, tinkangoona nkhope ziwiri pawindo.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawagogodera, iwo n'kutsegula. "Muli bwanji, achemwali?"

Wamkuluyo anandigwira tsaya, dzanja lake lili zii! "Iwe ukutiona? Chifikireni palibe watipatsa moni. Mng'ono wangayu amati tinamira m'nyanja, ndipo kuno ndi kwa akufa."

Ndinamutsina wamng'onoyo pamkono kuti adziwe kuti ali moyo. Anakuwa, kenako anaseka mpaka misozi.

Chonde omvera, musamaumire moni.