Anauimitsa Mtima Wanga

Abale anga mwa Ambuye, a ku Liwaladzi mukukumbukira mmene ndinalili. Ndinali mwamuna wa mangolomera, wokoka khoka la chilimira panyanja osapuma. Kutchalitchi ndinkati n'kwa nkhalamba. Akazi anga, mayi a Tadala, akamapita kumapemphero ndinkawaseka.

Kenaka miyendo inayamba kutupa. Kuchoka kunyanja kufika pamsewu ndinkaima kupuma ngati nkhalamba ndinkazinyoza zija. Ndikagona chagada mpweya unkathawa.

Azakhali anga atandiona anapukusa mutu. "Mwana wanga, ili ndi tsempho. Mkazi wakoyu akuyenda njira ziwiri. Akamakuthirira mchere m'ndiwo, akukudula."

Ndinakhulupirira. Ndinasiya kudya ndiwo zawo, mapeto ake ndinawabweza kwawo ku Ngala. Anapita akulira.

Zitsamba ndinamwa, mphini ananditema, koma kutupa kunakwera mpaka m'mimba. Kuchipatala cha paboma ananditumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala ataunika pachifuwa ndi makina anati, "Bambo, si tsempho ayi. Zilonda za pakhosi zimene munkadwala muli mwana zinawononga kachitseko ka mumtima. Pafunika opaleshoni. Tidzatsegula chifuwa, tidzaimitsa mtima, makina ndiwo adzayendetse magazi anu mpaka titamaliza."

"Nanga ukakana kudzukanso?" ndinafunsa.

Sanandinamize. Anati nthawi zina zimachitika.

Abale, ndinaopa. Mwera unandipezapo pakati pa nyanja koma sindinanjenjemere chonchi. Chakudya chinaleka kulowa. Ndinkagwira pachifuwa n'kumamvetsera, kuopa kuti uima madokotala asanaukhudze n'komwe. Mtima ukaima, munthu amakhala kuti? Ndikakaonekera kwa Mulungu, ndikanena chiyani za mkazi wosalakwa amene ndinamuchititsa manyazi mudzi wonse ukuona?

Achipatala anafuna wondidikirira. Azakhali anati msana wawavuta. Anzanga a kunyanja anati usipa wagwa wambiri, sangachoke. Amene anafika, mapoto atamanga pachitenje, anali mayi a Tadala.

M'mawa wa opaleshoni anandiveka nsalu ya chipatala, nandigoneka pakabedi ka mateyala.

"Mayi a Tadala," ndinatero, "ndikapanda kudzuka, mudziwe kuti ine..."

"Bambo a Tadala, zimenezo mudzanena mukadzuka. Tsinzinani, tipemphere."

Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti, "Yesu, mtimawu akauimitsa, muugwire ndinu."

Ndinadzuka ndili ndi mapaipi pakamwa ndi pachifuwa, ululu wosaneneka. Koma m'kati munali kanthu kakugunda ngati wotchi. Ndi kachitseko kachitsulo kamene anandiika. Atandichotsa paipi ya pakamwa, mawu anga oyamba anali opepesa. Mayi a Tadala anangondipukuta kumaso.

Chilimira ndinasiya, pano ndimasoka maukonde. Mankhwala a magazi ndidzamwa moyo wanga wonse, ndipo mantha amandibwererabe kanthu kakandilasa pachifuwa. Akabwera ndimagwada.

Tsiku lotuluka m'chipatala dokotala anati ndichepetse mchere. Ndiye tamvani mmene Mulungu amachitira zinthu zake: munthu yekhayo amene ndimamulola kundithirira mchere lero ndi yemwe uja ndinamuthamangitsa chifukwa cha mchere.

Ambuye alemekezeke! Wina ngati ukutupa miyendo, pita kuchipatala usanaloze mnzako chala. Ndipo ngati sunapereke mtima wako kwa Yesu, tikatuluka bwera uike khutu pachifuwa pangapa. Umve mtima umene unaima ukugunda, kenaka tigwade limodzi.