Kansalu ka pa chogwirira

Omvera anzanga, ndimakhala ku Ching'ambo, ndipo ndagwira zaka zambiri pa makina osemera zitsulo. Chogwirira chake chinkanditulutsa matuza, choncho malemu mkazi wanga anachikulunga ndi kansalu kong'amba ku chitenje chake.

Tsiku lina ndili kumaliro ku Nkhorongo, ndinamva kuti akatswiri akuchotsa zogwirira kuti makinawo aziyendetsedwa ndi kompyuta. Ndinapempha pa foni akapitawo athu, amene timaimba nawo kwaya imodzi, kuti andisungire kansaluko.

"Musadandaule, adada, ndikasunga ndekha," anatero.

Nditabwerera kuntchito ndinawapeza akupukutira kansaluko girisi wa mota yatsopano. Atandiona anangoti, "Yewo, adada. Ndi nsanza chabe iyi."

Lamulungu ndimaimabe pambali pawo mukwaya, koma mawu anga satuluka.