Makina Omwe Ndinawatsekera M'chipinda

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Mateyu, mmisiri wa matabwa wa pa Chonde. Ndinkadziwika ndi kuzokota mayina pa mitanda ya kumanda, mpaka pomwe sitiroko inandigwetsa. Ndinadzuka ndithu, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera moti tchizulo yozokotera sindingaigwirenso. Amayi atamwalira, mtanda wawo unakhala wopanda dzina, poti ndinakana kuti wina awalembere mwana wawo ndilipo. Ndikapita kumanda mtima unkawawa, ndinkafunsa ngati Mulungu wandiiwala.

Mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira makina a leza, aja amadula ndi kulemba pathabwa ndi kuwala kotentha. Zilembo umazikonza pa kompyuta, dzanja lamanzere limakwanira. Pa foni anandiphunzitsa kulumikiza mawaya, kuyeza mpata wa pakati pa mutu wa makina ndi thabwa, komanso kuvala magalasi oteteza maso. Atanena kuti paipi ya utsi ndiitulutsire pawindo, ndinangoti eya wapakamwa. Kwathu kuno chatsopano sitionetsa, timaopa nsanje ya anansi. Ndinatseka mawindo onse n'kutchingaponso chitenje.

Poyamba makina ankalemba bwino pa tizidutswa toyesera. Kenaka zilembo zinayamba kufooka, mapeto ake ankangodetsa thabwa osalowa. Thabwa la mlombwa lomwe ndinasungira mtanda watsopano wa amayi ndinaopa kuliikapo. Mumtima ndinati basi, andilodzera, ndipo woyamba kumuganizira anali mayi Nachuma, mnansi wathu wachikulire yemwe kanthu sikamudutsa. Ndinagwada mu utsi momwemo n'kupemphera ndikutsokomola.

Ndisanati ameni, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali mayi Nachuma omwewo, ndowa ya madzi ili m'manja.

"A Mateyu, mukupsa muli phee? Utsitu ukutulukira m'malata!"

Ndinazimitsa makina, iwo n'kulowa osadikira kuuzidwa. Anawazungulira, ine ndikufotokoza mwamanyazi. Kenaka anavula magalasi awo n'kundionetsa.

"Awa ndikaphikira m'khitchini yotseka amada tsiku lomwelo. Nanga chinthu chanuchi chilibe diso?"

Abale anga, diso linalipo. Nditamuimbira foni, mlamu anandilozera kagalasi kakang'ono kunsi kwa mutu wa makina, komwe kuwala kumatulukira. Nditakapukuta ndi thonje lonyowetsa ndi sipiliti, thonjelo linada bii. Mfiti yanga yonse inali mwaye! Mayi Nachuma anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anachotsa chitenje pawindo, paipi n'kuitulutsa okha.

Ndinaika mlombwa uja, n'kuwabwereka magalasi ena oteteza. Zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, zooneka bwino, iwo akuwerenga mokweza. Dzina litatha analibwerezanso, poti amayi anali mnzawo wa kukwaya. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo sindinabise.

Lero windo limakhala lotsekula. Odutsa amasuzumira, ndipo ena mwa iwo ndi omwe akubweretsa ntchito. Dzanja likunjenjemerabe, koma mtima wanga uli m'malo, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Inu amene mukudutsa m'zowawa, musaleke kupemphera, koma chitseko chikagogodedwa mudzatsekule. Ine yankho langa linabwera ndi munthu yemwe ndinkamutsekera kunja, ndipo Loweruka la sabata yomweyo ndi iyeyo amene anasenza mtanda wa amayi mpaka kumanda.