Mwana wanga atakagona kutsidya kwa dambo

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Mongue. Titangobwerako ku Malawi nkhondo itatha, mwana wanga wamkazi anandipempha kukagona kwa mnzake amene anakulira naye kumsasa wa othawa nkhondo. Banja lawo linamanga kutsidya kwa dambo. Ndinamulola, koma ndinati, "Pobwera udzere kumsewu, m'thengomu mukadali mabomba okwirira."

M'mawa mwake ndikumata nyumba, ndinamva kuphulika kudambo kuja. Ndinathamanga matope ali m'manja, ndikuitana dzina lake.

Ndinamupeza iye ndi mnzake uja ataima pakanjira kachidule m'kati mwa udzu. Mbuzi imene inkayenda patsogolo pawo inali itang'ambika.

"Amayi, ndibwere?" anafunsa mwana wanga.

"Usasunthe!" ndinakuwa.

Bambo wina amene kale anali msilikali analowa pang'onopang'ono, akuponda momwe anawo anaponda pamame, nawatulutsa mmodzimmodzi atawabereka.

Mayi a mnzakeyo sankadziwa n'komwe kuti anawo anyamuka. Ndinalephera kuwakalipira, tinangolira limodzi.

Makolo anzanga, sindikuti ana muziwakaniza. Koma mwana akakagona kwina, muzikamutenga nokha. Ine mpaka lero, ngakhale adzukulu anga, ndimawalondola ndekha.